Kodi munthu amakhala bwanji pulofesa wa nyimbo? Njira imene John Stainer anayenda

Woyimba wotchuka akangopatsidwa digiri yaulemu n'kuyamba kutchedwa Dokotala, pa Facebook sipachedwa kubuka mkangano. Ena amati n'zoyenera, munthuyo wasangalatsa anthu zaka zambiri. Ena amati udokotala ndi wa anthu omwe anachezera usiku pa mabuku. Mkanganowo ukafika pakati, pamatulukira wina wofunsa zomwe ambiri timachita nazo manyazi kufunsa: kodi nyimbo zimaphunziridwa mpaka pa udokotala? Nanga pulofesa wa nyimbo amaphunzitsa chiyani, poti kuyimba timati ndi mphatso yobadwa nayo?

Za digiri yaulemu yankho lake n'lalifupi: ndi chithokozo chimene yunivesite imapereka popanda kulembetsa munthu mayeso. Mafunso enawo ndi amene akufuna malo. Kuti tiwayankhe, titsate mapazi a munthu mmodzi amene anakwera makwerero onse kuchokera pansi. Munthuyo ndi John Stainer, Mngelezi amene anakhala ndi moyo kuyambira 1840 mpaka 1901, wopeka nyimbo za m'tchalitchi komanso pulofesa wa nyimbo pa yunivesite ya Oxford. Ngakhale kwawo samuyika pa mndandanda wa akatswiri oposa onse. Ndamusankha chifukwa moyo wake ukuonetsa bwino gawo lililonse la maphunzirowa, ndiponso chifukwa aliyense amene anagwirapo pepala la kwaya lolembedwa d r m f s ali ndi kachibale kena ndi nkhani yake.

Sukulu yoyamba inali kwaya

Stainer anabadwa pa 6 June 1840 ku Southwark, dera la mzinda wa London lomwe lili kum'mwera kwa mtsinje wa Thames. Banja lake silinali lolemera. Bambo ake, a William Stainer, anali mphunzitsi pa sukulu ya mpingo, ndipo ankakonda nyimbo mwakuti anali ndi limba laling'ono m'nyumba. Mwanayo anayambira pamenepo. Diso lake lamanzere silinkaona bwino kuyambira ali wamng'ono, ndipo vuto la maso lidzabweranso kutsogoloku.

Mu 1849, ali ndi zaka pafupifupi 9, analandiridwa mu kwaya ya St Paul's, tchalitchi chachikulu cha bishopu wa Anglican mu London. Apa m'pofunika kumvetsa mmene makwaya oterewa ankayendera, chifukwa sanali ngati makwaya athu okumana Lachitatu ndi Loweruka madzulo. M'matchalitchi akuluakulu a ku England mapemphero a m'mawa ndi a madzulo ankayimbidwa tsiku ndi tsiku. Amayi sankayimba nawo m'makwaya amenewa nthawi imeneyo, choncho sopulano inkayimbidwa ndi anyamata ang'onoang'ono omwe sanasinthe mawu, pamene aluto, tena ndi besi zinali za abambo olembedwa ntchito. Malipiro a anyamatawo anali sukulu.

Taganizani mwana woyimba kawiri pa tsiku kwa zaka zisanu ndi ziwiri, nyimbo ya lero yosiyana ndi ya dzulo. Nthawi yoloweza pamtima palibe. Amakakamizika kuwerenga nyimbo papepala monga mmene inu mukuwerengera nkhaniyi. Zikufanana ndi mwana wa msodzi ku Nkhotakota amene amadziwa kupalasa bwato asanazindikire n'komwe kuti akuphunzira. Pofika zaka 12, Stainer anali atayimba kale pa maliro a anthu awiri otchuka omwe anayikidwa m'tchalitchimo: wojambula zithunzi J. M. W. Turner mu 1851, ndi mkulu wa asilikali Duke of Wellington mu 1852.

Chochitika china cha mu 1854 ndi chimene tiyenera kuchisunga m'mutu. Chaka chimenecho William Sterndale Bennett anatsogolera oyimba a mu London poyimba St Matthew Passion ya Johann Sebastian Bach, nyimbo yaitali yosimba mazunzo a Yesu monga analembera Mateyu. Aka kanali koyamba kuti iyimbidwe ku England, patatha zaka zoposa 100 Bach atamwalira. Pakati pa anyamata oyimbawo panali Stainer, wa zaka 13.

Moyo wa anyamata a m'makwayawa sunali wa mtambasale. Akuluakulu a matchalitchi ambiri sankalabadira za sukulu yawo, ndipo mwana akasintha mawu ankangomutaya. Panali mayi wina, Maria Hackett, amene anathera zaka zoposa 50 akulimbana ndi akuluakuluwo, kuwalembera makalata ndi kuyendera makwaya m'dziko lonselo kuti anawo asamalidwe. Mayi ameneyu ndiye analipirira Stainer maphunziro a limba kwa George Cooper, mmodzi wa oyimba limba odziwika mu London. Pakanapanda ndalama zimenezo, nkhaniyi mwina ikanathera pa tsiku limene mnyamatayo anayamba besi.

Limba lake lotani?

Tikati limba, ambiri timaganiza za kiyibodi yamagetsi yomwe mnyamata mmodzi amanyamula m'khwapa. Limba la m'matchalitchi akuluakulu a ku Ulaya ndi chinthu china. Ndi zitoliro mazanamazana, mwinanso masauzande, zina zazifupi ngati pensulo, zina zazitali kuposa nyumba, ndipo chilichonse chimatulutsa liwu limodzi lokha. Mpweya umachokera mu mvukuto, wofanana ndi wa osula makasu koma waukulu, ndipo masiku amenewo nthawi zambiri pankakhala munthu kuseri woupopa ndi manja. Woyimba akadina kiyi, kachitseko kamatseguka, mpweya n'kulowa m'chitoliro.

Makiyibodi amakhala awiri, atatu kapena anayi osanjikizana, ndipo pansi pamakhalanso ina ya mapazi yoyimbira besi. M'mbali muli timitu tokoka, totchedwa stops, tosankhira gulu la zitoliro loti lilire: lina lomveka ngati lipenga, lina lofewa ngati chitoliro cha bango. Ndiye kuti manja awiri ndi mapazi awiri akugwira ntchito zosiyana, maso ali pa mizere itatu ya nyimbo, khutu lili pa kwaya.

Pa mwambo wa ku England, woyimba limba ndiyenso ankakhala kwayamasitala. Ankayenera kudziwa kukweza kapena kutsitsa nyimbo yonse pomwepo ngati oyimba yawakulira, ndiponso kupeka nyimbo ya pompopompo pamene ansembe akuyenda kupita kuguwa. Stainer anapatsidwa ntchito yotereyi pa tchalitchi chaching'ono cha St Benet, Paul's Wharf, asanakwanitse zaka 16.

Kumudzi kwa Ouseley: malamulo a mawu anayi

Mu 1857 anaitanidwa ndi Sir Frederick Ouseley, wansembe wachuma amene analinso pulofesa wa nyimbo ku Oxford. Ouseley ankadandaula kuti mayimbidwe a m'matchalitchi alowa pansi, ndipo mu 1856 anamanga ndi ndalama zake koleji ya St Michael's pafupi ndi tauni yaing'ono ya Tenbury, kuti ikhale chitsanzo cha mmene kwaya iyenera kuyimbira. Stainer anapita kumeneko kukakhala woyimba limba. Kunali kumudzi, kopanda zosokoneza, ndipo Ouseley anali ndi laibulale yaikulu ya nyimbo zakale. Zaka ziwiri ndi miyezi zimene anakhalako ndi zimene zinamusandutsa wopeka nyimbo wodziwa chifukwa chake chinthu chikumveka bwino.

Kodi kwenikweni munthu amaphunzira chiyani pamenepa? Maphunziro akuluakulu ndi awiri.

Loyamba ndi harmony, kutanthauza kugwirizana kwa mawu oyimbidwa nthawi imodzi. Makwaya athu amachita zimenezi ndi khutu: wina akayambitsa, aluto amapeza njira yake, besi n'kukhazikika pansi. Kusukulu ya nyimbo, zomwe khutu limachita mosaganiza zimatchulidwa mayina n'kuyikidwa malamulo. Wophunzira amapatsidwa mzere umodzi, tinene wa sopulano, n'kuuzidwa kuti alembe mizere itatu yotsalayo ali chete pa desiki, popanda chida chilichonse. Ayenera kumva nyimboyo m'mutu. Malamulo ena ndi okhwima zedi. Mwachitsanzo, mawu awiri otalikirana ngati d ndi s saloledwa kukwera kapena kutsika limodzi atasunga mpata womwewo. Chosangalatsa n'chakuti m'mayimbidwe ambiri a makolo a mu Africa muno mawu amayenda limodzi chotero ndipo zimakoma. Malamulowa ndi a kayimbidwe ka ku Ulaya ka nthawi inayake, monga galamala ya chilankhulo chimodzi.

Lachiwiri ndi counterpoint. Apa liwu lililonse limakhala ndi nyimbo yakeyake, yoyamba ndi kupuma pa nthawi yake, koma onse akakumana sagundana. Amene anaonapo amayi atatu akusinja mumtondo umodzi amvetsa msanga: munsi uliwonse uli ndi nthawi yake, wina ukamakwera wina ukutsika, ndipo m'makutu mumamveka chinthu chimodzi chokoma. Pamwamba penipeni pa luso limeneli pali mtundu wa nyimbo wotchedwa fugue, momwe kachidutswa kamodzi kamayambitsidwa ndi liwu limodzi, lachiwiri n'kukatola, lachitatu chimodzimodzi, oyambawo akupitirira osaima. Bach ndiye anali mfumu yake. Mu 1858, ali ndi zaka 18, Stainer anapeka nyimbo yotchedwa I saw the Lord, yochokera pa masomphenya a mneneri Yesaya, ya makwaya awiri oyankhana, mawu 8 onse pamodzi. Makwaya a ku England amayiyimbabe.

Digiri yopanda kalasi

Apa ndi pamene ambiri angadabwe. M'masiku a Stainer, munthu ankatha kutenga digiri ya nyimbo ku Oxford osakhalako ngakhale teremu imodzi. Kalasi ya nyimbo yokonzekeretsa digiri kunalibe. Yunivesite inkangoyesa zomwe munthu waphunzira kwina. Malamulo akale a m'zaka za m'ma 1630 ankati wofuna digiri yoyamba akhale ataphunzira nyimbo zaka 7 ndipo apeke nyimbo ya mawu 5, pamene wofuna udokotala awonjezere zaka zina 5 n'kupeka yokulirapo. Pofika nthawi ya Ouseley, ya udokotala inkayenera kukhala ya mawu 8 pamodzi ndi gulu lonse la zoyimbira. Pulofesa akaivomereza, nyimboyo inkayimbidwa pagulu mu Oxford, ndipo wolipira oyimba onsewo anali mwini wake wofuna digiriyo. Ouseley anawonjezera mayeso olemba kuti digiri isamangotengedwa ndi nyimbo imodzi.

Stainer anatenga digiri yoyambayo mu 1859, ali ndi zaka 19. Chaka chotsatira anakhala woyimba limba pa Magdalen College mu Oxford momwemo, ndipo mu 1861 anawonjezera udindo woyimba limba pa tchalitchi cha yunivesite. Udokotala anautenga mu 1865 ndi nyimbo yaitali yosimba nkhani ya Gideoni.

Koma pakati pa madigiri awiriwa anachita chinthu chimene oyimba ambiri sankachita. Analembetsa pa St Edmund Hall, koleji ina ya mu Oxford, ngati wophunzira wamba, n'kutenga digiri ya BA mu 1864, kenako MA mu 1866. Chifukwa chake chinali ulemu. Popeza digiri ya nyimbo sinkafuna kuti munthu akhale pa yunivesite, ophunzira ena ankaiona ngati ya pakhomo lakumbuyo, ndipo woyimba limba ankawerengedwa ngati wantchito wa pakoleji, wosayenera kudya pa tebulo limodzi ndi aphunzitsi. Kunyozedwa kwa oyimba si kwa lero, ndipo si kwathu kokha.

Mu December 1865 anakwatira Eliza Randall, mwana wa wochita malonda wa mu Oxford. Ali ku Magdalen komweko anagwirizana ndi wansembe H. R. Bramley kusonkhanitsa nyimbo za Khirisimasi, zakale ndi zatsopano, zomwe zinatuluka m'buku lotchedwa Christmas Carols New and Old mu 1871. Mawu anayi a The First Nowell amene makwaya ambiri amayimba mpaka lero ndi amene iye anakonza m'bukumo.

Kubwerera kumene anakulira

Mu 1872 John Goss atapuma, Stainer anabwerera ku St Paul's, tsopano ngati mkulu wa nyimbo. Anapeza zinthu zili pomwe anazisiya. Abambo a mu kwaya ena anali ndi ntchito ya moyo wonse, moti ngakhale mawu atatha ndi ukalamba sakanachotsedwa. Ena ankatumiza owayimirira, ena osabwera n'komwe, ndipo kukonzekera pamodzi kunalibe. Tchalitchicho n'chachikulu kwambiri, liwu limazungulira m'denga kwa masekondi angapo lisanazime, ndiye kagulu kochepa kosakonzekera kankangomveka ngati phokoso la patali.

Mothandizidwa ndi akuluakulu atsopano a tchalitchicho, makamaka Richard Church ndi Robert Gregory, Stainer anasintha zinthu pang'onopang'ono. Anakhazikitsa zoti kwaya yonse izikumana kukonzekera, anawonjezera abambo, ndipo anyamata anachoka pa 12 kufika pa oposa 30. Mu 1876 anyamatawo anawatsegulira sukulu yogonera konko mu msewu wa Carter Lane, zomwe Maria Hackett ankalimbanira moyo wake wonse, ngakhale anamwalira mu 1874 asanaione itatsegulidwa. Ndipo mu 1873, m'Sabata Loyera, Stainer anabweretsa St Matthew Passion ija m'tchalitchimo, yomwe anaiyimba ali mnyamata, kuti imveke pa mapemphero m'malo mwa m'holo yolipira pakhomo.

Zaka zomwezi analemba timabuku totsika mtengo tophunzitsa limba ndi harmony, tosindikizidwa ndi kampani ya Novello, ndipo mu 1881 anakhala mkulu wa National Training School for Music, sukulu ya nyimbo ya mu London, m'malo mwa mnzake wa paubwana, wopeka nyimbo Arthur Sullivan.

Mkangano wa solfa

Ntchito imene anthu saitchula kawirikawiri ndi imene inakhudza anthu ochuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 boma linamusankha kukhala woyendera maphunziro a nyimbo m'makoleji a aphunzitsi. England inali itangoyamba kumene kukakamiza ana onse kupita kusukulu, kutsatira malamulo a 1870 ndi 1880, ndipo funso linali lakuti ana miyandamiyanda amenewa aphunzitsidwa bwanji kuyimba.

Njira zolembera nyimbo zinalipo ziwiri, ndipo eni ake sankamwerana madzi. Yoyamba ndi ya mizere isanu, yotchedwa staff, momwe timadontho timayikidwa pamwamba kapena pansi kusonyeza kukwera kwa liwu. Yachiwiri ndi solfa, ya zilembo d r m f s l t. Inayambitsidwa ndi mayi wina wa ku Norwich, Sarah Glover, kenako m'busa John Curwen anaikonza n'kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pofuna kuti ana a Sande sukulu ndi anthu ogwira ntchito m'mafakitale azitha kuyimba.

Kusiyana kwake kuli apa. Pa staff, liwu lililonse lili ndi dzina lake lokhazikika, monga munthu ali ndi dzina la pa chitupa. Pa solfa, liwu limatchulidwa potengera ubale wake ndi d. Mawu oti malume si dzina la munthu: m'banja lililonse muli malume, ndipo mukangodziwa mwana amene mukuwerengera, malume mwawapeza. Chimodzimodzi, d mungamuyike pamwamba kapena pansi, koma mtunda wochoka pa d kufika pa s susintha. Woyimba akazolowera maubale asanu ndi awiriwa, akhoza kuyimba nyimbo ya mu kiyi iliyonse. Kutalika kwa liwu kumasonyezedwa ndi timizere, madontho awiri ndi mipata. Ubwino wina unali wa ndalama: solfa imasindikizidwa ndi zilembo wamba, makina alionse osindikizira nyuzi akhoza kuitulutsa, ndipo mphunzitsi akhoza kuilemba pa bolodi ndi choko.

Otsutsa ankati solfa ndi msewu wothera panjira. Woyimba zida sangaigwiritse ntchito bwino, nyimbo yosinthasintha makiyi imavuta kuiwerenga, ndipo nyimbo zambiri za akatswiri zinalembedwa pa staff. Amene anali pa udindowu Stainer asanabwere, John Hullah, sankaifuna njira ya Curwen. Iye ankaphunzitsa njira ina momwe d sasuntha.

Stainer anakulira pa staff, ndipo anali dokotala wa nyimbo wa ku Oxford. Ambiri akanayembekeza kuti aikana solfa. Iye anaivomereza poyera kuti ndi njira yabwino yophunzitsira ana kuwerenga nyimbo ndi kusula khutu, ndipo ankaiona ngati mlatho wokafikira pa staff. Womuthandiza pa ntchitoyi, W. G. McNaught, anali katswiri wa solfa. Boma nalonso linayikapo nyambo: sukulu inkalandira mapeni 6 pa mwana aliyense ngati ana akuyimba mongotsanzira, koma shileni yathunthu, mapeni 12, ngati akuyimba powerenga, kaya pa staff kaya pa solfa. Agogo amene anagwirapo ndalama za kale, kwacha isanabwere mu 1971, akudziwa kusiyana kwa ziwirizi. Sukulu zambiri zinasankha solfa. Chaka ndi chaka Stainer ankayenda m'makoleji, kumvetsera ophunzira zauphunzitsi akuyimba mmodzimmodzi.

Stainer sanafikeko ku Africa kudzaphunzitsa, ndipo si iye anabweretsa solfa kuno. Anabwera nayo ndi amishonale ndi aphunzitsi a m'sukulu za mishoni, ochokera m'dziko limene njirayi inali itazika mizu m'matchalitchi ndi m'sukulu. Ku South Africa, Enoch Sontonga analemba Nkosi Sikelel' iAfrika mu solfa mu 1897. Mkangano wa ku London uja sunathe: mpaka lero mupeza kwayamasitala wodziwa solfa ngati dzina lake akutsutsana ndi woyimba kiyibodi amene anaphunzira staff.

Nyimbo yolembera kwaya wamba

Pa 24 February 1887, m'tchalitchi cha St Marylebone mu London, munayimbidwa koyamba nyimbo imene dzina la Stainer limadziwika nayo kwambiri, The Crucifixion. Mawu ake anasonkhanitsa ndi kulemba ndi wansembe wachinyamata W. J. Sparrow Simpson. Ndi nkhani ya mazunzo a Yesu kuyambira ku Getsemane mpaka pa mtanda, yotenga pafupifupi ola limodzi.

Maphunziro onse aja akuonekera m'kapangidwe kake. Chitsanzo anatengera kwa Bach: woyimba mmodzi amasimba nkhani, kwaya imayankha, ndipo pakatipakati mpingo wonse umaimirira kuyimba nawo nyimbo ya m'buku. Koma ya Bach imafuna makwaya awiri, magulu awiri a zoyimbira, ndi maola pafupifupi atatu. Stainer, amene anali atamvetsera aphunzitsi ndi makwaya wamba m'dziko lonselo, ankadziwa zomwe tchalitchi cha m'tauni yaing'ono chingakwanitse. Anachotsa zoyimbira zonse n'kusiya limba lokha. Oyimba payekha anasiya awiri, tena ndi besi. Kwaya anailembera mawu anayi osavuta, ndipo mpingo anaupatsa nyimbo zisanu zoyimba nawo. Gawo lotchuka kwambiri, God so loved the world, lochokera pa Yohane 3:16-17, limayimbidwa popanda chida chilichonse.

Akatswiri sanagwirizane pa nyimboyi, ndipo sagwirizanabe. Stainer atamwalira, olemba mbiri ya nyimbo angapo anainyoza kuti ndi yotsekemera mopitirira, yofuna kugwetsa misozi mwachidule, ndipo mawu a Sparrow Simpson anasekedwa kuti ndi ndakatulo yofooka. Oikonda amayankha kuti kulemba chinthu chosavuta chimene chikhalitse n'kovuta kuposa kulemba chovuta, ndipo amaloza ku makwaya a m'mayiko ambiri omwe amaitulutsabe nyengo ya Lenti iliyonse, patatha zaka zoposa 130. Ine ndimaona kuti mbali ziwirizi zikuyeza ndi miyeso yosiyana: ena akufunsa ngati ikufika pa Bach, ena akufunsa ngati kwaya yawo ingaiyimbe Lachisanu Loyera.

Pa mpando wa upulofesa

Mu 1888 Mfumukazi Victoria inamupatsa ulemu wa Sir. Chaka chomwecho anatula pansi udindo ku St Paul's poopa kuti maso afooka, ndipo anabwerera ku Oxford. Ouseley atamwalira mu 1889, Stainer anasankhidwa kulowa m'malo mwa mphunzitsi wakeyo.

Mpando umenewu unakhazikitsidwa mu 1626 ndi ndalama za woyimba wina, William Heather, ndipo mpaka lero umadziwika ndi dzina lake. Ku Britain, pulofesa wotere sakhala mphunzitsi aliyense wa pa yunivesite, amakhala mutu wa phunzirolo. Ntchito zake nthawi imeneyo zinali kuyesa ofuna madigiri ndi kukamba nkhani zamaphunziro pagulu kangapo pa chaka. Apulofesa ambiri akale sankakhala n'komwe mu Oxford, ndipo Ouseley ankachita kuchokera ku Tenbury. Stainer ankakhala mumzindamo. Pa nkhani zake ankabwera ndi oyimba, chifukwa kunalibe wailesi kapena foni yoti anthu amvere chitsanzo. Akafuna kuti omvera adziwe mmene nyimbo ya zaka 300 zapitazo inkamvekera, kwaya inkaimirira n'kuyimba.

Gawo lachitatu la ntchitoyi ndi limene limayankha funso lija loti pulofesa wa nyimbo amachitanji ngati sakuyimba: amafufuza. Mu laibulale ya Bodleian munali buku lakale lolembedwa pamanja ku Italy, la nyimbo za m'zaka zoyambirira za m'ma 1400, zolembedwa m'zizindikiro zomwe oyimba a nthawi ya Stainer sankatha kuwerenga. Iye pamodzi ndi ana ake awiri, wamwamuna ndi wamkazi, anakhala pansi kuzimasulira m'kalembedwe ka masiku ano, ndipo mu 1898 anatulutsa buku la nyimbo za Guillaume Dufay ndi anzake a nthawi imodzi. Dufay anamwalira mu 1474, ndipo ku England n'ochepa amene anali atamvapo nyimbo zake. Ntchito yotereyi, yofukula ndi kufotokoza nyimbo za anthu akale, ndi imene imadyetsa apulofesa ambiri a nyimbo masiku ano, kaya akufufuza mabuku a ku Italy kaya ng'oma za gule wamkulu.

Anapuma upulofesa mu 1899, ndipo Hubert Parry ndiye analowa m'malo. Nthambi yeniyeni ya nyimbo, yokhala ndi makalasi ndi ophunzira okhala pompo, inadzakhazikitsidwa ku Oxford mu 1944. Stainer anamwalira mwadzidzidzi ali pa tchuthi ndi mkazi wake mu mzinda wa Verona ku Italy, pa 31 March 1901, tsiku la Lamulungu la Kanjedza. Thupi lake analibweretsa ku Oxford n'kuliyika m'manda a Holywell, m'sabata lomwe makwaya m'matchalitchi ambiri a ku England anali kuyimba The Crucifixion.